Collingwood mu 2023: Osewera, Kaseweredwe ndi Kuvulala M'maso mwa Ochemerera

Mpira wa ku Australia, umene eni ake amangoutchula kuti footy, unayambira mumzinda wa Melbourne m'chigawo cha Victoria, kumene mamembala a Melbourne Football Club analemba malamulo ake oyamba m'chaka cha 1859, ndipo mpaka lero chigawochi ndicho kuchimake kwa masewerowa, popeza matimu 10 mwa matimu 18 a mu ligi yaikulu ali komweko. Ligiyi inayamba mu 1897 ndi dzina loti Victorian Football League, ndipo itafalikira m'zigawo zina inasintha dzina mu 1990 n'kukhala Australian Football League, mwachidule AFL. Masewerowa amachitikira pabwalo lozungulira motalikirapo, lalikulu kuposa la mpira wamiyendo, ndipo timu iliyonse imakhala ndi osewera 18 m'bwalomo, amene amaloledwa kuumenya mpira ndi phazi, kuuwakha, kuthamanga nawo malinga aziunjanjitsa pansi pa mamita 15 alionse, ndiponso kupatsirana pouika padzanja limodzi n'kuumenya ndi chibakera cha dzanja linalo, kapatsidwe kamene kamatchedwa handball. Wosewera akawakha mpira umene wamenyedwa ndi phazi kuchokera pamtunda wa mamita 15 kapena kuposerapo usanagunde pansi, amati wapanga mark, ndipo amapatsidwa mpata woumenya popanda womusokoneza. Kumapeto kulikonse kwa bwalo kumakhala mizati inayi: mpira ukamenyedwa ndi phazi n'kudutsa pakati pa mizati iwiri yaitali osakhudzidwa ndi munthu, chimenecho ndi chigoli cha mapointi 6, koma ukadutsa m'mbali, pakati pa mzati wautali ndi waufupi, kapena ukagunda mzati wautali, timu imapeza pointi imodzi yokha, yotchedwa behind.

Malamulo amenewa ali ndi mbali imodzi imene imafotokoza chifukwa chake nkhani ya kuvulala siichoka pakamwa pa ochemerera. M'masewerowa mulibe lamulo la ofusayidi, choncho wosewera angathe kugwidwa kapena kugundidwa kuchokera kutsogolo, kumbuyo kapena m'mbali, nthawi zambiri maso ake ali kumwamba kutsatira mpira, ndipo ambiri savala chilichonse choteteza thupi kupatula kapulasitiki koteteza mano. Pachifukwa chimenechi, wochemerera amene akukamba za kaseweredwe ka timu yake amakhala akukambanso za matupi a anyamata amene akuyenera kuchita zimene mphunzitsi wakonza, ngakhale iye mwini asazindikire kuti nkhani ziwirizi ndi imodzi.

Timu ya Collingwood ndiyo yoyenera kuonerapo zimenezi. Inakhazikitsidwa mu 1892 m'dera la anthu ogwira ntchito m'mafakitale pafupi ndi pakati pa mzinda wa Melbourne, imavala yunifomu ya mizere yakuda ndi yoyera, ndipo imadziwika ndi dzina loti Magpies, kuchokera ku mbalame ya mitundu iwiri yomweyo. Ili ndi mamembala olipira oposa 100,000, komanso ili ndi adani ochuluka pakati pa otsatira matimu ena, moti chilichonse chochitika kumeneko chimakambidwa ndi dziko lonse. Mbiri yake ili ndi ulemerero, monga zikho zinayi zotsatizana kuyambira 1927 mpaka 1930 pansi pa mphunzitsi Jock McHale, koma ilinso ndi mabala amene ochemerera amapatsirana kuchokera kwa agogo kufika kwa adzukulu. Pakati pa 1958 ndi 1990 timuyi inafika mu fainolo kambirimbiri osatenga chikho, ndipo bala lalikulu ndi la 1970, pamene inkatsogola ndi mapointi 44 pa nthawi yopumulira pamaso pa anthu 121,696, koma Carlton, imene mphunzitsi wake Ron Barassi anauza osewera kuti azipatsirana mpira ndi manja mwachangu ngakhale kumbuyo kwenikweni, inabweza n'kupambana. Wochemerera wa Collingwood amakula akudziwa kuti timu yake ingathe kugwa ili pafupi ndi chikho, ndipo mantha amenewa amamveka m'kayankhulidwe kake ngakhale m'zaka zabwino.

Zokambirana za ochemerera zili ndi kalendala yakeyake, imene imayenda ndi sabata. Masewero akatha Lamlungu, Lolemba limakhala tsiku loweruza, pamene anthu amaimba mafoni ku mawayilesi a ku Melbourne monga 3AW ndi SEN kudzudzula oimbira ndi kutchula osewera oyenera kuchotsedwa. Mkati mwa sabata makalabu amatulutsa mndandanda wa ovulala, umene umanena chiwalo chimene chavulala ndi masabata amene wosewera akhale panja. Ndipo Lachinayi madzulo matimu amalengeza amene asewere, amene alowa ndi amene atuluka. Pamwamba pa izi pali mipikisano yolosera opambana imene imachitika m'maofesi ndi m'mabanja, komanso masewero apaintaneti monga SuperCoach ndi AFL Fantasy, momwe munthu amadzipangira timu ya osewera enieni n'kumapeza mapointi malinga ndi mmene asewerera. Masewero apaintanetiwa aphunzitsa anthu wamba kuwerenga ziwerengero za kampani ya Champion Data mwaluso lodabwitsa, koma aphunzitsanso ena kuona bondo lothyoka la munthu ngati vuto la mapointi awo, ndipo ichi n'chinthu chosayenera kuchinyadira.

Kuti munthu amvetse chimwemwe cha 2023 ayenera kuyambira mu 2021, pamene Collingwood inathera pa nambala 17, mphunzitsi Nathan Buckley atachoka mkati mwa chaka, ndipo dandaulo lalikulu la ochemerera linali lakuti timu inkayendetsa mpira pang'onopang'ono, kuupititsa cham'mbali ndi kumbuyo poopa kuutaya. Craig McRae, amene ali wosewera anatenga zikho zitatu ndi Brisbane Lions kuyambira 2001 mpaka 2003, ziwiri mwa izo pogonjetsa Collingwood yomweyo, anabwera monga mphunzitsi watsopano ali ndi maganizo osiyana. Analimbikitsa osewera kudutsitsa mpira pakati pa bwalo, malo amene amatchedwa corridor, amene ndi njira yachidule yopita kugolo koma yoopsa, chifukwa timu ikautaya mpira pamenepo adani amakhala ndi bwalo lonse lotseguka. Zimenezi zinali zosiyananso ndi njira ya Mick Malthouse, mphunzitsi wakale wa timuyi, amene anatenga chikho mu 2010 poyendetsa mpira m'mphepete mwa bwalo ndi kutsekera adani kumbuyo kwawo pokankhira osewera ambiri kutsogolo kuti mpira usatuluke. Timu ya McRae inadziwika ndi zinthu ziwiri zimene inkazikonzekera pa maphunziro: ikakhala kuti ikutsalira m'chigawo chomaliza cha masewero inkathamangitsa mpira mosaopa, ndipo ikakhala patsogolo ndi mapointi ochepa inkaupanikiza, kuukankhira kunja kapena kuugwera kuti woimbira aimitse masewero, mpaka nthawi ithe. Mu 2022 inapambana masewero ambiri ndi mapointi owerengeka, inathera pa nambala 4, ndipo inalephera kufika mu fainolo itagonja kwa Sydney ndi pointi imodzi.

Mkangano umene unabuka pamenepa unali wakuti kupambana mwa ndendende koteroko ndi luso kapena mwayi. Odziwa ziwerengero ankanena kuti palibe timu imene ingapitirize kupambana masewero oterewa chaka ndi chaka, pamene ochemerera ankayankha kuti chimene chakonzekeredwa sichingatchedwe mwayi. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, koma chaka cha 2023 chinapereka umboni wolemera kwa ochemerera, popeza timuyi inatsogola ligi itapambana masewero 18 mwa 23, kenako m'ndime yomaliza inagonjetsa Melbourne ndi mapointi 7, Greater Western Sydney ndi pointi imodzi, ndipo pa 30 September inagonjetsa Brisbane Lions ndi mapointi 4 pabwalo la Melbourne Cricket Ground pamaso pa anthu 100,024. Zotsatira za fainoloyo zimaonetsanso mmene kawerengedwe ka mapointi kamayendera: Brisbane inamwetsa zigoli 13 ndi mabehind 8, zimene zinapanga 86, pamene Collingwood inamwetsa zigoli 12 zokha koma ndi mabehind 18, zimene zinapanga 90. Chimenechi chinali chikho cha nambala 16, chimene chinaifananitsa ndi Carlton ndi Essendon.

Pokamba za osewera, dzina limene linali pakamwa pa aliyense chaka chimenecho ndi la Nick Daicos, amene pamodzi ndi mkulu wake Josh anabwera ku timuyi kudzera m'lamulo lolola kalabu kutenga mwana wa munthu amene anaisewerera masewero 100 kapena kuposerapo, popeza bambo awo, Peter Daicos, anali katswiri wa timu yomweyo. Lamuloli limapatsa ochemerera chinthu chimene ligi zambiri zilibe, ndicho kuona mwana wa munthu amene ankamuchemerera ali achinyamata akuvala malaya omwewo, ndipo kaputeni Darcy Moore, amene analandira chikho kuchokera m'manja mwa bambo ake Peter Moore, munthu amene anasewera mafainolo angapo ndi Collingwood osapambana, analowanso mwa njira yomweyo. Nick Daicos, m'chaka chake chachiwiri chokha, ankaoneka kuti atenga Brownlow Medal, mendulo imene imaperekedwa kwa wosewera wabwino koposa potengera mavoti a oimbira pa masewero alionse. Kumayambiriro kwa August, posewera ndi Hawthorn, imene inamuikira munthu womulondola paliponse, ntchito imene amaitchula kuti tagging, fupa la pabondo lake linachita mng'alu atagundana ndi mdani, ndipo anakhala panja masabata angapo mpaka anabwerera pa masewero olowera mu fainolo. Anathera pa nambala 3 ndi mavoti 28, pamene Lachie Neale wa Brisbane anapambana ndi 31, ndipo palibe wochemerera wa Collingwood amene amakayika za kumene mendulo ija ikanapita bondolo likanakhala bwino.

Kuvulala kwina kunasintha ngakhale kapangidwe ka timu. Taylor Adams anaphonya fainolo chifukwa cha mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu, wotchedwa hamstring, umene malipoti a chaka ndi chaka a AFL amaonetsa kuti ndiwo umavulala kawirikawiri kuposa chiwalo china, popeza masewerowa amafuna kuthamanga mwadzidzidzi, kuwerama uli pa liwiro ndi kumenya mpira kutali. Dan McStay, wosewera wamtali wa kutsogolo, anavulala bondo sabata imodzi fainolo isanachitike, ndipo m'malo mwake McRae anaika Billy Frampton, amene kwenikweni ndi wotchinga kumbuyo, n'kumupatsa ntchito yosokoneza Harris Andrews, wotchinga wa Brisbane wodziwa kuwakha mipira ya adani. Frampton sanaugwire mpira kwenikweni tsiku limenelo, ndipo mpaka lero ochemerera ena amati anali mtolo pamene ena amati anagwira ntchito imene ziwerengero sizionetsa, imene inathandiza kupereka mpata kwa Bobby Hill, wosewera wamfupi waliwiro amene anamwetsa zigoli zinayi n'kulandira Norm Smith Medal ya wosewera bwino koposa mu fainolo. John Noble, amene anasewera masewero onse a ligi, anasiyidwa panja m'ndime yomaliza ngakhale sanavulale n'komwe, ndipo ambiri anamva chisoni ndi iye kuposa ndi ovulala.

Kuvulala kwa mitundu imeneyi ochemerera anakuzolowera, ndipo amakuwerenga mwa masabata: mnofu wa ntchafu ndi masabata atatu kapena anayi, pamene mtsempha wa mkati mwa bondo wotchedwa ACL ukaduka, monga zinachitikira McStay pa maphunziro patangopita miyezi iwiri chikho chitatengedwa, pamafunika opaleshoni ndipo wosewera amakhala panja miyezi yambiri, kawirikawiri pafupifupi chaka. Amadziwanso kuti malamulo amakhudza matupi. Bungwe la AFL linachepetsa kuchuluka kwa maulendo amene timu ingasinthe osewera m'masewero amodzi, kuchoka pa 120 mu 2014 kufika pa 90 mu 2016 ndi 75 mu 2021, poganiza kuti osewera otopa sangathe kuunjikana pa mpira ndipo bwalo lidzatseguka, koma otsutsa amati mnofu wotopa ndiwo umang'ambika msanga. Pa nkhani zonsezi munthu angathe kutenga mbali iliyonse popanda kulakwira wina, chifukwa bondo ndi ntchafu zimaoneka pa makina ounikira, zimachira kapena kukonzedwa, ndipo tsiku lobwerera limalembedwa.

Kuvulala kwa m'mutu n'kosiyana, ndipo ndime yomaliza ya 2023 inaonetsa zimenezi kawiri. Pa 7 September, m'chigawo choyamba cha masewero ndi Melbourne, Brayden Maynard wa Collingwood anathamangira Angus Brayshaw, amene ankamenya mpira kupita kutsogolo, n'kulumpha manja ali m'mwamba kuti autchinge, ndipo potsika phewa lake linagunda mutu wa Brayshaw, amene anakomoka pomwepo n'kutulutsidwa pa machira. Brayshaw anali atavulalapo m'mutu kangapo m'mbuyomo ndipo ankasewera atavala chipewa choteteza. Kwa masiku asanu mzinda wa Melbourne unagawanika: otsatira Collingwood, pamodzi ndi osewera ambiri akale, ankati Maynard anachita chimene wosewera aliyense amaphunzitsidwa ndipo munthu ali m'malere sangasinthe njira, pamene ena ankati amene wasankha kulumpha pa liwiro lotere ayenera kuyankha pa zotsatira zake. Bwalo loweruza milandu ya osewera, lotchedwa Tribunal, linamupeza wosalakwa, ndipo anasewera mpaka kutenga chikho. Chigamulocho chinali chogwirizana ndi malamulo a nthawiyo, koma AFL yomwe inaona kuti malamulowo anali operewera, moti chaka cha 2024 chisanayambe inawasintha kuti wolumpha kukatchinga mpira akhale ndi udindo woteteza mutu wa mnzake. Mu February 2024 Brayshaw, ali ndi zaka 28, anasiya kusewera potsatira uphungu wa madokotala, atamuunika n'kupeza kuti mu ubongo mwake munali kusintha kumene kunachitika pambuyo pa kugundana kuja.

Chachiwiri chinachitikira Collingwood yeniyeniyo. Nathan Murphy, wotchinga kumbuyo amene ochemerera ankamukonda chifukwa chosaopa kulowa pamene ena akuzengereza, anagundidwa m'mutu m'chigawo choyamba cha fainolo, ndipo iye mwini anauza madokotala kuti sakuona bwinobwino, choncho sanabwererenso m'bwalo ndipo masewero aakulu koposa m'moyo wake anawaonera pa benchi. Mu April 2024, gulu la madokotala a AFL litamuunika, anasiya kusewera ali ndi zaka 24. Khalidwe limene linkamupatsa ulemu pamaso pa ochemerera, lobwerera chambuyo kutsatira mpira osayang'ana amene akubwera, ndi lomwelo limene linafupikitsa ntchito yake, ndipo apa ndi pamene kayankhulidwe ka ochemerera kayenera kuunikidwa mosabisa. Kwa zaka zoposa 100 liwu la chitamando chachikulu m'masewerowa lakhala kulimba mtima, ndipo chitonzo chachikulu chakhala kunena kuti wosewera ndi wofewa kapena kuti anacheuka poopa kugundidwa. Mnyamata amene wakula akumva zimenezi kuchokera kwa anthu zikwizikwi amaphunzira kubisa chizungulire, ndipo chimene Murphy anachita podzichotsa yekha mu fainolo chinafuna mtima woposa umene unkafunika kuti apitirize.

Mawu a ochemerera ali ndi mphamvu yoposa imene eni ake amaiganizira, ndipo Collingwood ikudziwa zimenezi kuchokera ku mbiri ina yowawa. Mu April 1993, pabwalo lake lakale la Victoria Park, Nicky Winmar wa St Kilda, Mwaaborijini, atanyozedwa tsiku lonse chifukwa cha mtundu wake, anakweza malaya ake n'kuloza khungu lake pamaso pa khamulo, ndipo chithunzi chimenecho chinathandiza kuti patapita zaka ziwiri ligi ikhazikitse lamulo loletsa kunyozana chifukwa cha mtundu. Zimene khamu limaona kuti n'zololedwa kunena zingathe kusintha, ngakhale kuti zimasintha mochedwa, ndipo kusintha kotereku kwayamba kuonekanso pa nkhani ya mutu.

Chimene chakankha kusinthaku ndi umboni wa madokotala. Kugwedezeka kwa ubongo, kumene m'Chingerezi amati concussion, kumachitika pamene mutu kapena thupi lagundidwa mwamphamvu moti ubongo umasuntha mkati mwa chigaza, ndipo zizindikiro zake, monga mutu kupweteka, kuiwala, chizungulire ndi kusaona bwino, zingathe kuonekera patapita maola. Kugundidwa mobwerezabwereza kumagwirizanitsidwa ndi matenda a ubongo otchedwa CTE, amene amatsimikizika pokhapokha munthu atamwalira ubongo wake n'kupimidwa. Bungwe la Australian Sports Brain Bank la ku Sydney linapeza matendawa mu ubongo wa Graham Farmer, mmodzi wa akatswiri otchuka koposa m'mbiri ya masewerowa, wa Danny Frawley, kaputeni wakale wa St Kilda amene anamwalira mu 2019, wa Shane Tuck wa Richmond amene anamwalira mu 2020, komanso wa Heather Anderson wa timu ya amayi ya Adelaide, amene anamwalira mu 2022. Mu March 2023 osewera akale, motsogozedwa ndi Max Rooke amene anasewerera Geelong, anakasuma AFL ku khoti lalikulu la Victoria pofuna chipukuta misozi. Wochemerera amene amadziwa mayina amenewa sangawerenge mndandanda wa ovulala monga ankachitira kale, chifukwa mzere wonena za ntchafu ndi mzere wonena za mutu, ngakhale ili patsamba limodzi, umodzi ukunena za masewero amene munthu aphonye ndipo winawo ukunena za mmene adzakhalire ndi banja lake akadzafika zaka 50.

Kuyambira mu 2021 wosewera wa AFL amene wapezeka ndi kugwedezeka kwa ubongo saloledwa kusewera mpaka patapita masiku osachepera 12, zimene kawirikawiri zimatanthauza kuphonya masewero amodzi okha, ndipo ochemerera ena amadandaulabe lamuloli likawachotsera katswiri m'sabata yofunika. Mu 2024 bungweli linakweza masikuwa kufika pa 21 m'maligi ang'onoang'ono ndi m'masewero a ana, koma linasiya 12 mu ligi yaikulu ya amuna ndi ya amayi, ponena kuti osewera a kumeneko amayang'aniridwa ndi madokotala tsiku ndi tsiku. Chifukwa chimenechi chili ndi mbali yake yoona, koma dokotala amangoyang'anira kuchira, sakufulumizitsa, ndipo osewera a mu ligi yaikulu ndiwo olemera matupi, aliwiro, amene amagundana mwamphamvu kuposa onse. Masiku 12 ndi ochepa, ndipo ochemerera a Collingwood, amene anataya Nathan Murphy ali ndi zaka 24, ndiwo oyenera kukhala patsogolo kupempha kuti awonjezeredwe.